Ulemu ndi Coonadi kwa Mbale Wogwidwa ndi Mowa

M'cigwa ca Luangwa, m'boma la Mambwe, dziko la Akunda limene mafumu ace ndi Nsefu, Jumbe, Kakumbi, Malama, Mnkhanya ndi Msoro, mwana akatsiriza sukulu apeza kumudzi nchito imene sanaipemphe. Popeza ndiye adziwa kuwerenga Cingelezi, akulu amtula mapepala onse a pabanja: risiti la thonje, kalata ya ku bwalo la mirandu, ndiponso makhadi a kucipatala pamodzi ndi timatumba ta mapiritsi. Mwa njira imeneyi anyamata ndi atsikana ambiri adziwa zinsinsi za akulu ao asanakhwime mokwanira kusenza zinsinsizo.

Pali mnyamata wina, wonga anyamata ambiri a m'mbali mwa mtsinje wa Lupande, amene anaphunzira ndi ndalama za amalume ace. Pa mwambo wa Akunda, monganso wa Acewa ndi Ansenga, mwana atsata mtundu wa amai ace, ndipo mlongo wa amaiwo ndiye mwini mbumba. Amalumewo anagwira nchito zaka zambiri pa msasa wa alendo odzaona nyama ku Mfuwe, koma nchito inawathera cifukwa ca mowa. Tsopano alikumwa kacasu tsiku ndi tsiku, kuyambira dzuwa lisanatenthe. M'nyumba mwao muli mapiritsi a mitundu itatu: ma ARV ocepetsa mphamvu ya kacirombo ka HIV, a cifuwa cacikulu ca TB, ndi a kuthamanga kwa magazi. Wowerenga makhadi ndi wowaperekeza kucipatala ndiye mnyamata uja.

Usiku wina, kutatsala masiku awiri kuti apite kukatenga mankhwala, amalume anamuitana nati, "Iwe mwana, anamwino akakufunsa unene kuti ine mowa ndinaleka. Usandicititse manyazi pamaso pa anthu."

Apa ndipo pagona funso. Munthu amene anamlera ndi kumphunzitsa wampempha kanthu kakang'ono, liu limodzi lokha la bodza. Kodi ulemu ufuna kuti mnyamatayo amvere? Kapena kodi ulipo ulemu wina woposa kumvera?

Mowa wa makolo ndi mowa wa lero

Makolo sanauyese mowa mdani. Anauphika wa mapira kapena wa cimanga, naupatsa nchito zace: wa dima woitanira anansi kudzalima, wa pa kumeta maliro, ndi wa nsembe pokumbukira mizimu. Unali ndi nyengo yace, pakuti kuuphika kunatenga masiku angapo, ndipo ukatha mumtsuko kumwa kunatheranso pomwepo. Anthu anamwera pamodzi pamaso pa akulu, ndipo wopitiriza muyeso anadzudzulidwa asanacoke pabwalo.

Kacasu ngwosiyana. Ngakhale dzina lace ndi lacilendo, locokera ku liu la Cipwitikizi lakuti cachaça. Ukali wace uposa wa mowa wamasese kangapo, ndipo popeza suonongeka msanga, upezeka tsiku liri lonse kwa ali yense amene ali ndi ndalama. M'cigwa ndalama zifika nthawi imodzi, pogulitsa thonje kapena pakutha kwa mwezi ku misasa ya alendo, ndipo zina zithera pa botolo zisanafike panyumba. Woledzera wa m'cigwa ali ndi zoopsa zina zimene wa m'tauni alibe: ayenda usiku m'njira zimene njobvu zipitamo popita ku minda, kapena agona panja popanda cochinga udzudzu, nadzuka ndi malungo.

Boma layesa kuchinga. Kenneth Kaunda, mtsogoleri woyamba wa Zambia, sanali kumwa mowa, ndipo anadzudzula kuledzera kawirikawiri pa misonkhano. Mu 2012, pamene Nkandu Luo anali nduna yoyang'anira maboma aang'ono, boma linaletsa timapaketi ta mowa waukali tochedwa tujilijili, timene ngakhale ana a sukulu anali kubisa m'matumba. Mu 2018 linatulutsa ndondomeko ya dziko lonse yocepetsera zoipa za mowa. Bungwe la za umoyo la dziko lonse lapansi, la WHO, linawerenga kuti mu 2019 mowa unapha anthu okwana 2.6 miliyoni. Koma lamulo litha kuletsa paketi m'sitolo. Silingathe kulowa m'nyumba ndi kukhala pamphasa ndi wodwala. Pamphasapo patsala mbale yekha, ndipo kawirikawiri mbaleyo ndi mwana.

Chimo kapena nthenda?

Asanasankhe cocita, mnyamatayo ayenera kudziwa cimene cagwira amalume ace. Pamudzi pali maganizo awiri. Ena ati kuledzera ndi khalidwe loipa cabe, ndipo munthu atafuna angaleke lero lomwe. Ena ati munthuyo analodzedwa, ndipo palibe cimene iye angacite. Maganizo onse awiri asokeretsa.

Mu 1956 bungwe la madotolo a ku America linabvomereza kuti kugwidwa ndi mowa ndi nthenda yoyenera kuciritsidwa. Munthu akamwa kwambiri kwa zaka, ubongo wace uzolowera kugwira nchito mowa uli m'magazi, kotero kuti mowa ukasowa thupi lonse lisokonezeka. Manja anjenjemera, thukuta lituruka, mtima ugunda msanga, tulo tisowa. Pamenepo munthu samweranso kukondwa. Amwera kuti kunjenjemera kuleke. Ndico cifukwa cace amalume aja ayamba m'mawa. Kuwauza kuti angoleka kuli ngati kuuza wa malungo kuti aleke kumva mphepo.

Komabe nthenda imeneyi siicotsa udindo wonse. Wodwala cifuwa sanasankhe kukhosomola, koma asankha kupita kucipatala kapena kukhala. Momwemonso wogwidwa ndi mowa sangathe kulamula ludzu lace ndi liu limodzi, koma angathe kubvomera kuti wadwala, kunena zoona kwa omciritsa, ndi kulola kuthandizidwa. Cotero mbale wanzeru samnyoza ngati wopanda pace, ndiponso samyesa khanda losadziwa kanthu. Amyesa munthu wamkulu amene wagwa m'mbuna, woyenera kumponyera cingwe, koma woyeneranso kugwira cingweco ndi manja ace.

Zimene mowa ucita ndi mapiritsi

Bodza limene amalume apempha lioneka laling'ono kwa iye yekha amene sadziwa nchito ya ciwindi. Ciwindi ndico cisefa mowa m'magazi, ndipo ndico cisefanso mankhwala ambiri. Mwa mankhwala anai oyambira nao kuciritsa TB, atatu, ndiwo isoniazid, rifampicin ndi pyrazinamide, alemetsa ciwindi ngakhale kwa munthu wosamwa. Akakomana ndi kacasu wa tsiku ndi tsiku, ciwindi cingatupe, maso nkusanduka acikasu, ndipo munthu angafe ndi mankhwala amene anayenera kumciritsa. Namwino wodziwa kuti wodwala wace ndi wakumwa ayang'anira zizindikiro zimenezi, namtumiza kukayesedwa magazi. Namwino wonamizidwa sayang'ana kumeneko.

Mankhwala a TB amwedwa miyezi isanu ndi umodzi osadumpha, ndipo ma ARV amwedwa moyo wonse. Woledzera aiwala. Coipa coposa kuiwala ndi cikhulupiriro cofala cakuti tsiku lakumwa mowa munthu asamwe ma ARV, kuopa kuti ziwirizi zingasanduke poizoni m'mimba. Wakumwa tsiku ndi tsiku akatsata cikhulupiriro cimeneci, ndiye kuti waleka mankhwala. Aciritsi aphunzitsa kuti kudumpha ma ARV nkoopsa kopambana, pakuti kacirombo kacuruka, nikaphunzira kukana mankhwalawo. Cofunika ndi kucepetsa mowa; mapiritsi asasiyidwe popanda mau a kucipatala.

Mowa wambiri ukwezanso kuthamanga kwa magazi. Dotolo akaona kuti mapiritsi a BP sagwira nchito, osadziwa za kacasu, angaonjezere ena, pamene muzu wa bvuto uli m'botolo. Palinso mankhwala ena opezeka m'nyumba zambiri amene sayanjana ndi mowa. Panado womwedwa wambiri ndi cidakwa aononga ciwindi. Diazepam ndi phenobarbitone, amene apatsidwa kwa osowa tulo kapena a khunyu, akaphatikizana ndi mowa angagonetse munthu tulo tosadzuka nato, cifukwa zonsezi zifooketsa kupuma. Wa nthenda ya shuga akamwa mowa osadya, shuga angatsike kwambiri, nakomoka, anthu namsiya poyesa kuti waledzera cabe.

Palinso cinthu cimene abale okonda alakwa naco kawirikawiri. Ataya mowa wonse, natsekera wodwala m'nyumba kuti aleke tsiku limodzi. Kwa munthu amene wamwa kwambiri tsiku ndi tsiku kwa zaka, kuleka kwadzidzidzi kungaphe. Kunjenjemera kuyamba tsiku loyamba; m'masiku awiri oyamba angagwe ngati wa khunyu; pa tsiku laciwiri kufikira lacinai angasokonezeke mutu, naona zinthu zimene kulibe, thupi likutentha. Pamudzi izi ziyesedwa ufiti, koma ndi nthenda yodziwika imene iri ndi mankhwala ace. Munthu wotere ayenera kuleka pamaso pa aciritsi, amene ampatsa mankhwala oziziritsa thupi pamodzi ndi vitamini B1 woteteza ubongo. Cithandizo ciyambira pa cipatala caching'ono ca pafupi, monga ca Kakumbi ku Mfuwe. Odwala kwambiri atumizidwa ku cipatala ca mishoni ca Kamoto kapena ku cipatala cacikulu ca Chipata, ndipo ku Lusaka kuli Chainama Hills, cimene cinatsegulidwa mu 1962, kumene aciritsa nthenda za maganizo pamodzi ndi kugwidwa ndi mowa.

Tsono bodza lija lioneka kukula kwace. Limanga maso a munthu yekhayo amene akadaona ngozi isanafike.

Mathandizo atatu onyenga

Mbale wa cidakwa ayesedwa ndi njira zitatu zimene zioneka ngati cikondi kapena nzeru, koma zonse zitsogolera kumanda.

Yoyamba ndi kubisa. Banja liti, "Za m'nyumba sizituruka." Mkazi auza anansi kuti bambo agona ndi mutu, mwana auza namwino kuti amalume analeka. Obisawo ayesa kuti asunga dzina la wodwala, koma mudzi wonse udziwa kale, pakuti kacasu sabisika. Amene sadziwa ndi iwo okha amene akadathandiza. Kubisa kotere kusunga nthenda, ndipo nthenda yosungidwa ikula.

Yaciwiri ndi kudyetsa. Wodwala apempha ndalama nati ndi za sopo, ndipo mbale, ngakhale adziwa kumene zipita, apereka kuti pakhale mtendere. Alipira ngongole za kwa ocheza kacasu, naombola njinga imene inapinyolitsidwa, nalima munda wa woledzerayo caka ndi caka. Ciri conse mwa izi payekha ndi cifundo. Zonse pamodzi zicotsa minga m'njira ya ku mowa, kotero kuti woyendamo samva kuwawa kumene kukadambweza. Sikuti wodwala amanidwe cakudya. Nsima apatsidwe, ndipo akadya ndi bwino koposa, pakuti mowa uononga msanga thupi lanjala. Ndalama ya ulendo wa kucipatala iperekedwe kwa woyendetsa njinga yamoto kapena galimoto. Koma ndalama ya m'manja kwa munthu waludzu lotere iri ngati kumgulira botolo.

Yacitatu ndi kutaya. Abale atatopa ati, "Adzionere yekha," naleka kumlankhula. Kutopa kumeneku nkomveka, ndipo wosasenzapo katunduyu asafulumire kuweruza. Koma akulu anati cibale ndi pfupa, siciola. Wotayidwa ndi abale sasowa anzace, pakuti a pa botolo amlandira, ndipo pakati pao palibe womkumbutsa mapiritsi. Ambiri amwa cifukwa ca manyazi ndi cisoni, monga ca kutha kwa nchito kapena ca nthenda imene aopa kuichula; kunyozedwa kuonjezera nkhuni pa moto womwewo.

Njira zitatuzi zifanana pa cinthu cimodzi: zonse zipulumutsa mbale ku kukambirana kowawa. Wobisa, wodyetsa ndi wotaya, onse athawa kukhala pansi ndi wodwala ndi kumuuza zoona.

Kodi mwana angadzudzule mkulu?

Wina angatsutse nati, "Amalumewo ndi munthu wamkulu. Thupi ndi lao, nthenda ndi yao, ndipo cinsinsi ndi cao. Mwana amene anadya ndalama zao ali ndi mphamvu yanji yakuulula zimene mwini wace waletsa?" Mau amenewa ali ndi kulemera, ndipo sayenera kukankhidwa pambali. Munthu sataya ufulu wace cifukwa wadwala. Za HIV makamaka ndi za mwini wace, ndipo mwana amene azinena pa citsime kapena pa bwalo la mpira wacimwira amalume ace cimo lalikulu, ngakhale atati anafuna kuthandiza.

Koma pali kusiyana pakati pa kusunga cinsinsi ndi kunena bodza. Amalume ali ndi ufulu wakuti za nthenda yao zisamveke pamudzi. Alibe ufulu wakusandutsa mwana wa mlongo wao mboni yonama pa mlandu umene cilango cace ndi imfa yao yomwe. Palinso kusiyana pakati pa khutu la namwino ndi makutu a pabwalo. Namwino amangidwa ndi lamulo la nchito yace kusunga zimene wamva, ndipo afunsa za mowa kuti adziwe mankhwala oyenera, monga mmisiri afunsa kulemera kwa denga asanasankhe mitengo.

Ulemu umene mwambo ulamula uli pa kanenedwe: nthawi yolankhulira, malo ace, ndi munthu woyenera kufikitsa mau. Mwambo sunalamule konse kuti mkulu asiyidwe kugwa m'dzenje cifukwa woona dzenjelo ndi mwana. Akulu omwewo anati wakutsina khutu ndi mnansi. Mwana woona njoka pansi pa mpando wa agogo ace sakhala cete poopa kuwadula mau.

Cotero njira yoongoka iri ndi makwerero ace. Mnyamatayo asapite mseri kukanena kwa anamwino amalume osadziwa, pakuti akatero adzathyola cikhulupiriro cimene cidzafunika mawa. Ayambe ndi mwini wace. Asankhe m'mawa, mowa usanalowe, pakuti mau onenedwa kwa woledzera atayika ngati madzi pamcenga, ndipo kawirikawiri abala ndeu. Akhale pansi monga mwana akhalira pamaso pa mkulu, popanda anthu ena. Asachule dzina lakuti cidakwa, asawerenge zolakwa zakale. Anene zimene waona ndi zimene aopa.

Mnyamata uja anatero. M'mawa mwace anapeza amalume ali pakhonde, nakhala pansi, nati, "Amalume, ndinu munandiphunzitsa, ndipo kuwerenga kumene munandigulira ndiko kwandionetsa zimene ndiopa. Mapiritsi awa ndi kacasu zilimbana m'ciwindi mwanu. Za nthenda yanu sindidzauza munthu pamudzi pano. Koma kwa anamwino sindingathe kunena kuti munaleka. Ndipempha kuti munene ndinu, ine ndidzakhala pambali panu."

Amalume anakwiya nati, "Sukulu yakupatsa mwano." Tsiku lonse sanamlankhule. Izi siziyenera kudabwitsa, ndipo sizitanthauza kuti mnyamatayo analakwa. Coonadi cikafika pa bala, coyamba kumveka ndi kuwawa.

Mutu umodzi susenza denga

Pamene mau a mwana akanidwa, mwambo uli ndi khomo lina. Alipo anthu amene angathe kunena kwa mwini mbumba zimene mwana sangathe: mlongo wao wamkulu, nkhoswe ya ukwati wao, mkulu wa mpingo, kapena bwenzi la ubwana wao. Mnyamatayo anapita kwa amai ace, amene ndi mlongo wa amalumewo. Za HIV sanachule, pakuti sizinali zace kuchula; ananena za mowa, umene onse anauona ndi maso, ndi kuti sugwirizana ndi mankhwala a cifuwa. Madzulo amaiwo anakhala ndi mlongo wao nthawi yaitali kuseri kwa nkhokwe.

Kuitana ena kuli ndi cifukwa cinanso. Wosamala cidakwa ali yekha adwala naye pamodzi. Sagona, amvetsera mapazi usiku, awerenga mapiritsi, nadziimba mlandu tsiku liri lonse limene wodwala waledzera. Ku America, Alcoholics Anonymous, gulu la zidakwa zothandizana kuleka mowa, linayamba mu 1935. Ndipo mu 1951 Lois Wilson, mkazi wa mmodzi wa oliyambitsa, pamodzi ndi mnzace, anayambitsa Al-Anon, gulu la abale a zidakwa, ataona kuti a m'nyumba nao afuna cithandizo. Ciphunzitso cao cacikulu ncakuti mbale sindiye anacititsa kumwako, sangathe kukulamulira, ndipo sangathe kukuciritsa ndi mphamvu zace. Mudzi wa m'cigwa uli kale ndi cofanana ndi gulu lotere, ndico mbumba, ngati ibvomera kukhala pansi ndi kugawana nchito: uyu kuperekeza kucipatala, uyu kuyang'anira mapiritsi a m'mawa, uyu kusunga ndalama za thonje, uyu kuphika.

Pamenepa pali mau oyenera kumveka bwino kwa wotsiriza sukulu. Ngongole ya kwa amene anamphunzitsa ndi yeniyeni, koma siilipidwa pakutaya maphunzirowo. Akapeza malo ku koleji ku Chipata kapena nchito ku Mfuwe, asakane cifukwa cakuti amalume alikumwa. Amalumewo, pamene anali ndi nzeru zao zonse, analipira sukulu kuti mwanayo apite patsogolo. Kukhala pamudzi kulonda botolo ndiko kuononga cinthu cabwino coposa zonse cimene iwo anacita. Apite, atasiya nchito m'manja mwa ena, nazifunsa za odwala, nabwera pamene angathe.

Cipiriro ciri ndi malire enanso. Woledzera akayamba kumenya mkazi kapena ana, coyamba ndi kupulumutsa omenyedwawo. Acotsedwe pa nyumbapo, ndipo nkhani ipite kwa mfumu ya mudzi kapena ku polisi, kumene kuli nthambi ya Victim Support Unit yoona za nkhanza za m'banja. Nthenda ifotokoza cifukwa cimene munthu wacitira coipa, koma siipatsa munthu cilolezo ca kubvulaza ena, ndipo cibale sicilamula mwana kuima pakati pa nkhwangwa ndi citseko.

Cimene mbale angathe, ndi cimene sangathe

Tsiku la kucipatala litafika, amalume anayenda patsogolo osalankhula, mnyamata ali pambuyo ndi makhadi. Namwino atafunsa za mowa, panakhala cete kanthawi. Amalume anayang'ana mwana wa mlongo wao, nayang'ana pansi, nati, "Ndimamwa, mai. Tsiku liri lonse." Namwino sanakalipe. Anafunsa kucuruka kwace ndi nthawi imene ayamba, nayang'ana m'maso mwao, nalemba kalata ya kukayesa magazi, nawacenjeza kuti asaleke mwadzidzidzi ali okha kunyumba, ndiponso kuti asadumphe mapiritsi ngakhale tsiku limene amwa.

Nkhani zotere sizitha ndi tsiku limodzi. Ambiri oleka mowa abwereranso kamodzi kapena kangapo asanalekeretu, makamaka pa maliro, pa ukwati, kapena ndalama za thonje zikafika. Ena salekeratu konse, koma acepetsa, namwa mankhwala ao mokhulupirika, nakhala ndi moyo zaka zimene akadataya. Ena afa ngakhale abale anacita zonse zoyenera. Mbale ayenera kudziwa izi kuyambira paciyambi, kuti kugwa kwa wodwala kusamgwetse iyenso. Wodwala akagwa, cofunika ndi kubwerera naye kucipatala ndi kunenanso zoona. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Pakuti mphamvu ya mbale iri ndi polekezera. Sangathe kulowa m'mtima wa munthu wina ndi kumfunira kucira. Zimene angathe ndi izi: kukana kunama, kukana kugula mowa, kukana kunyoza, kuitana ena, ndi kukhalapo pamene wodwala atembenuka. Akacita zimenezi wakwaniritsa cibale, ngakhale wodwala acire kapena asacire.

Tsono funso lija liri ndi yankho. Kumvera ndi mbali imodzi ya ulemu, ndipo pa zinthu zambiri mwana acita bwino kumvera akulu ace ngakhale asamvetse. Koma pamene mkulu apempha cinthu cimene cidzamupha, amene alikupempha ndi nthenda yace, ndipo womvera nthendayo wasiya kulemekeza mwini wace. Mnyamata uja analemekeza amalume amene anamlipirira sukulu, munthu wanzeru ndi wamanja opatsa, amene anali akali moyo pansi pa kacasu. Anawalankhula atakhala pansi, anasunga cinsinsi cimene cinali cao, ndipo anawasiyira iwo eni ulemu wakunena zoona ndi pakamwa pao.

Pobwerera kumudzi dzuwa linali litakwera, ndipo anapuma pa mthunzi wa mtengo wa mlambe. Amalume anatambasula dzanja napempha makhadi aja, nawayang'ana nthawi yaitali ngakhale sadziwa kuwerenga Cingelezi, nawabwezera kwa mwanayo nati, "Sunga ndiwe. Tsiku lobwerera undikumbutse."